Kalata yotseguka kwa a Nduna a Zaumoyo ndi a Maphunziro: ana amene maso awo ali bwino koma saona bwino

Olemekezeka a Nduna a Zaumoyo, olemekezeka a Nduna a Maphunziro, komanso inu akuluakulu a ku unduna woona za anthu aulumali ndi a ku MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, ndakupatsani moni mwaulemu wonse. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu.

Ine ndine mayi wamba, ndimagulitsa kaunjika pa msika wina kummwera kuno, sukulu ndinalekezera folomu 4. Ndasankha kulemba poyera chifukwa nkhaniyi si ya pakhomo panga pokha, ndipo ndikudziwa kuti pali makolo ena amene awerenge apa nkuti ah, uyu akunenedwayu ndi mwana wanga uja. Mukaiwerenga itumizeni kwa ena, makamaka kwa anesi, alangizi a zaumoyo ndi aphunzitsi amene mumadziwana nawo.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 8. Mu February 2021, ali ndi zaka 3, anadwala malungo a mu ubongo. Thupi linatentha Lachisanu, Loweruka usiku anayamba kukomoka nkumanjenjemera, pofika kuchipatala anali sakumvanso chilichonse. Anagona chikomokere masiku 4, ali pa dilipi, akumubaya artesunate. Pamenepa ndithokoze kaye, chifukwa anesi ndi madokotala a mu wodi imeneyo anagwira ntchito usiku ndi usana ndipo mwana wanga ali moyo chifukwa cha iwo. Zimenezo sindidzaziiwala. Dandaulo langa likuyambira tsiku lomwe tinatuluka.

Choyamba, tinatulutsidwa ngati nkhani yatha. Mu buku la kuchipatala analembamo kuti wachira, anatipatsa LA ndi panado, basi bwererani kunyumba. Koma mwanayu atatsitsimuka sankandiyang'ana. Maso ali pyee kuyang'ana kudenga komwe kunali getsi, ndikamuyandikira sankaphethira, ndikayankhula mpomwe ankatembenuka. Ndinafunsa, anandiyankha kuti ndi kufooka chabe, zisintha. Zoona zinasinthadi pang'ono, patatha miyezi iwiri anayamba kutsata zinthu zoyenda, kenako kuyenda yekha m'nyumba. Ife tinati Mulungu wamva. Palibe anatiuza kuti kuona kungabwerere mbali chabe, palibe anatipatsa tsiku loti tidzabwerenso adzamuone mmene akuonera, mmene akumvera, mmene akuyankhulira.

Chimene chimandipweteka nchoti dziko lathu lino ndi limene linaphunzitsa dziko lonse zambiri za malungo a mu ubongo. Muyezo umene amayezera kukomoka kwa mwana umatchedwa Blantyre Coma Score, unakonzedwa ku Queens ndi a Malcolm Molyneux, a Terrie Taylor ndi anzawo nkusindikizidwa mu 1989, ndipo mwa malikisi 5 a muyezowu imodzi ndi yoti kodi mwana akutsata nkhope ya mayi ake ndi maso. Ku Blantyre komweko nkomwe a Susan Lewallen ndi anzawo anaonetsa kuti ukasuzumira mkati mwa diso la mwana wokomoka utha kudziwa ngati alidi malungo amene agwira ubongo. Kafukufuku wina wa konkuno yemwe anatuluka mu 2010 anatsatira ana 132 opulumuka ku malungo amenewa, 12 mwa iwo anayamba kugwa khunyu, ndipo pafupifupi mmodzi mwa ana anayi aliwonse anatsala ndi ulumali watsopano umene analibe asanadwale. Nde nzeruzi tili nazo, zinachokera pa ana athu omwe, koma sizinafike pa tsamba la buku la mwana wanga.

Chachiwiri, tikapita kokayezetsa amayeza diso lokha. Mwanayu atafika zaka 5 tinaona kuti china chake sichili bwino. Ankapunthwa pa chilichonse chimene chili pansi, ndowa, mtondo, mwana mnzake atakhala pansi, ankangowaponda ngati palibe. Pomwe simenti ya pakhonde ikuthera nkuyamba dothi ankaima nkumapapasa ndi phazi ngati pali dzenje. Nsapato zake zikakhala pa mulu wa nsapato pakhomo la tchalitchi sankazipeza olo zili pamaso pake penipeni, koma kamkanda kamodzi kakang'ono katagwa pa simenti yosesa bwino ankakatola msanga kuposa ine. Apa mpomwe anthu anayambira kunena kuti akunamizira. Apongozi anga ankati ndi mwano, ena ankati ndi wozerezeka, ena anabwera nazo zoti analodzedwa ndipo tinatayako ndalama kwa asing'anga, sindibisa.

Ndinapita naye kuchipatala kawiri, ulendo uliwonse kabaza kenako minibasi, kutseka bizinesi tsiku lonse. Ulendo woyamba anamuwunika ndi katochi, anaona kamwana ka m'diso kakuchepa bwinobwino kuwala kukafika, anati mulibe ng'ala, maso ali bwino mayi. Ulendo wachiwiri anamuonetsa zithunzi chimodzichimodzi mu chipinda chopanda phokoso, khoma loyera, iye anatchula zonse. Anandiuza kuti mwanayu amaona kuposa inu. Ndinafotokoza za kupunthwa, za nsapato, za tsiku lomwe anandisowa pa msika ndili patsogolo pake mapazi atatu chifukwa ndinavala chitenje chatsopano ndi duku, analira mpakana ndinamuitana dzina nde anandidziwa ndi mawu. Anandimvera mwaulemu koma pa fomu yawo panalibe poti alembe zimenezo, kunja kuli layini ya anthu yodikira. Kwinanso pa shopu ina anatigulitsa magalasi, palibe chinasintha. Sindikunena kuti magalasi ndi oipa ayi, ana ena a vuto limeneli amawafunadi, koma wanga vuto silinali pamenepo.

Amene anatitsegula m'maso ndi mayi wina wa zafiziyo amene anabwera mmudzi mwathu kudzaona mwana wa aneba amene ali ndi cerebral palsy, ulumali wa ziwalo wobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo. Anamuona mwana wanga akutenga kapu, kuti amayamba wayang'ana kenako amatembenuzira nkhope kumbali nkumatenga osayang'ana. Anandifunsa kuti kodi anadwalapo matenda a mu ubongo. Kenako anayala nsalu yakuda yopanda maluwa pa mphasa, anauza ana onse kuti akhale chete, anaika kapu yofiira pakati nkumaigwedeza pang'ono, ndipo anandiuza kuti mayi musamuthandize, musayankhule, ingodikirani. Tinadikira, mwina ndinawerenga mpaka 10 mumtima. Mwanayu anaitenga. Kenako kapu yomweyo anaiika pa chitenje changa cha maluwamaluwa pamodzi ndi sipuni, chipeso ndi makiyi, wailesi ili yotsegula. Mwana wanga anayang'ana, anayang'ana, kenako anayamba kupapasa ndi manja. Ine misozi inangotuluka yokha chifukwa ndinakumbukira kangati ndinamukalipira, kangati ndinamumenyako kambama kuti usamachite dala.

Mayiyo anatiuza kuti vutoli lili ndi dzina, pachingerezi amati cerebral visual impairment, mwachidule CVI. Diso limangotola kuwala nkutumiza uthenga, koma woona weniweni ndi ubongo, makamaka mbali ya kunkhongo ndi njira zochokera kumeneko. Njira ina imathandiza kudziwa kuti ichi nchani, uyu ndani. Ina imathandiza kudziwa kuti chinthu chili pati, kusankha chimodzi pakati pa zambiri, kutsogolera dzanja ndi phazi. Ubongo ukavulala pamenepo diso limaoneka langwiro koma mwana saona monga timaonera ife, ndipo kuona kwake kumasinthasintha, mmawa aona bwino, masana atatopa kapena pa phokoso saona. Zimene zimavulaza ubongo wa mwana chonchi ndi zomwe zadzaza mu mawodi athu tsiku lililonse, malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, kubanika pobadwa mwana nkuchedwa kulira, kubadwa masiku asanakwane, chikasu chachikulu cha wakhanda, kutsika kwa shuga, madzi m'mutu, kukomoka kwa nthawi yaitali, ngozi zovulaza mutu. Kumaiko olemera CVI ndi imene ili patsogolo pa zonse zochititsa ana kusaona bwino, ndipo ku England kafukufuku wa mu 2021 anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 30 aliwonse mu sukulu za pulayimale ali ndi vuto la kuona lochokera mu ubongo. Kumeneko kulibe malungo. Nanga kwathu kuno angakhale angati?

Tsiku lomwelo ndinasintha mbale. Zaka zonsezi ndinkamupatsa nsima yoyera pa mbale yoyera, iye nkumadya mopapasa, kutaya, ife nkumati ndi uve. Ndinagula mbale ya pulasitiki yofiira pa msika, ndiwo ndimaika mu kambale kena pambali. Anadya yekha osataya. Chinthu chotchipa choncho, koma zinatengera mwayi woti munthu wodziwa adutse pakhomo la aneba patatha zaka zitatu ndi theka.

Chachitatu ndi sukulu, ndipo apa a Nduna a Maphunziro ndikupempha mundimvetsere bwino chifukwa mpomwe mwana wanga akuvutikira pano. Ali mu kalasi ya ana oposa 100, akhala pansi mothithikana, phokoso lokhalokha, bolodi ndi yotuwa yodzaza zolemba kuyambira uko mpaka uko, makoma amatidwa matchati. Kwa mwana wina zimenezi ndi zothandiza kuphunzira, kwa wanga zili ngati kumuika pakati pa msika nkumuuza kuti peza singano. Chilembo chimodzi chachikulu pa pepala loyera amachidziwa. Zilembo zomwezo zikathithikana mu mzere mu buku la zithunzi zambiri zimasokonekera. Wabwereza sitandade 1, ndipo pa ripoti analemba kuti ndi waulesi, satchera khutu. Tsiku lina anabwera ndi mikwingwirima ku miyendo chifukwa sanakopere ntchito ya pa bolodi. Aphunzitsiwo sindikuwada, ndinapita kukakhala nawo pansi, ndipo atamva anadandaula kwambiri, anati mayi ku koleji sitinamvepo za zimenezi, ife timadziwa kuti mwana wosaona ndi amene maso ake akuoneka kuti ndi owonongeka. Anayamba kumukhazika kutsogolo ndi kumulembera pa sileti payekha akapeza mpata, koma munthu mmodzi ndi ana 100 mpatawo aupeza kuti.

Nditafunsa za thandizo la ana a special needs anandifunsa kalata ya kuchipatala yonena kuti mwana ali ndi vuto la maso. Kalata yomwe ndili nayo ikuti maso ali bwino. Nde mwana wanga kuchipatala ndi wabwinobwino, kusukulu ndi waulesi, ndipo pa mndandanda wa ana aulumali palibepo. Wina anandilangiza kuti ndingomutumiza ku sukulu ya ana osaona akaphunzire braille, zilembo zowerenga ndi zala. Sukulu ngati Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje zathandiza ana ambiri kwa zaka zambiri ndipo ndimazilemekeza, ana ena a CVI angafunedi braille, koma wanga ali ndi kuona kumene kungakule ngati tikugwiritsa ntchito, makamaka pano ubongo udakali wanthete. Chaka chilichonse chimene chikudutsa osathandizidwa ndi chaka chotayika.

Malamulo tili nawo. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, tinali ndi lamulo la 2012, pano tili ndi latsopano la 2024, ndipo maphunziro ophatikiza ana onse takhala tikuwamva pa wailesi kwa zaka. Koma malamulo onsewa amayamba kugwira ntchito mwana akadziwika kuti ali ndi vuto, ndipo ana awa sakudziwika.

Choncho olemekezeka, ndikupempha zinthu izi.

1. Mwana aliyense wotuluka mu chipatala atadwala malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, atabanika pobadwa, atadwala chikasu chachikulu, atabadwa masiku asanakwane kapena atachitidwa opaleshoni ya madzi m'mutu, alembedwe mu buku lake la kuchipatala kuti ali pa chiopsezo, ndipo apatsidwe masiku obwereranso kudzaonedwa kaonedwe, kamvedwe ndi kakulidwe, osati kamodzi kokha ayi koma mpaka atayamba sukulu. Kholo liuzidwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'chinenero chimene limamva, zizindikiro zoti lizikayang'ana kunyumba. Ine ndikanauzidwa mawu ochepa chabe tsiku lotuluka lija, mwana wanga sakanamenyedwa.

2. Kusikelo alangizi a zaumoyo azifunsa mafunso ochepa okhudza kuona kwa mwana. Kodi amakuyang'anani kumaso, kodi amangoyang'ana kuwala, kodi amachedwa kuyang'ana chinthu, kodi amapunthwa pa zinthu zapansi, kodi amakusowani pagulu, kodi amavutika kupeza chinthu pa mulu. Izi sizifuna makina kapena magetsi. Tili kale ndi chida choyezera kakulidwe ka ana chimene chinapangidwira konkuno, Malawi Developmental Assessment Tool, nde sitikuyambira pa ziro.

3. CVI ilowe mu silabasi ya amene amaphunzira za maso ndi za ana, ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ku Malawi College of Health Sciences, ku Mzuzu University komwe amaphunzitsa za optometry, kuyeza maso, komanso mu masukulu a unamwino, ndipo amene ali kale pa ntchito apatsidwe maphunziro apadera. Fomu ya ku kiliniki ya maso ikhale ndi malo olembapo zimene kholo laona kunyumba. Mwana amene kholo lake likudandaula koma diso likuoneka labwino asamangobwezedwa ndi mawu oti maso ali bwino, afunsidwe mbiri ya matenda ake ndipo atumizidwe koyenera.

4. Pa chipatala chachikulu chilichonse, Queens, Zomba, Kamuzu Central ndi Mzuzu, pakhale tsiku lodziwika pamwezi lomwe a maso, dokotala wa ana, a fiziyo ndi mphunzitsi wa special needs amaonera ana amenewa limodzi, ndipo azitulukako kupita m'maboma chifukwa thiransipoti ndi imene imatigonjetsa ambirife. Kholo lizichoka ndi kalata imene sukulu ingaivomereze.

5. Ku Montfort ku Nguludi komwe amaphunzitsa aphunzitsi a ana aulumali, ndi m'makoleji onse a aphunzitsi a pulayimale, aphunzitse za CVI ndi njira zosavuta zothandizira. Kukhazika mwana kutsogolo moyang'ana khoma lopanda matchati, kumupatsa chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, zilembo zikuluzikulu zotalikirana, kuphimba mbali ina ya tsamba ndi pepala, kugwiritsa ntchito mtundu umene mwanayo amauona msanga monga wofiira kapena wachikasu, kumudikira ayang'ane kaye asanamufunse kachiwiri, kumulola kupuma akatopa, kupaka penti yowala m'mphepete mwa masitepe. Alezi a m'sukulu za mkombaphala nawonso adziwe, popeza iwo ndi amene amayamba kumuona mwana pagulu. Ndipo pa mayeso, kuyambira a mkalasi mpaka a MANEB, ana awa apatsidwe mapepala osathithikana ndi nthawi yowonjezera ngati mmene zimakhalira ndi anzawo osaona bwino.

6. Awerengeni. Pa kalembera wa ana aulumali m'sukulu ndi mu malipoti a zipatala pakhale malo a vuto la kuona lochokera mu ubongo, kuti pokonza bajeti adzakumbukiridwe. A MACODA, a Malawi Union of the Blind, a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ndi a PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali, ndikupempha mutitengere nkhaniyi pa wailesi, chifukwa mmidzi ana amenewa akutchedwa zitsiru ndi olodzedwa, ena akungotsekeredwa m'nyumba.

7. Pitirizani kulimbana ndi zoyambitsa. Malawi ndi dziko loyamba lomwe linayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu April 2019, afike kwa mwana aliyense. Masikito, mankhwala a malungo aakulu m'zipatala zazing'ono, ambulansi yokhala ndi mafuta, azamba okwanira ndi zida zothandizira wakhanda kupuma, magetsi owunikira ana a chikasu, zonsezi ndi nkhani ya kuona kwa ana ngakhale sizioneka choncho.

Ndikudziwa kuti ndalama ndi zochepa ndipo mavuto pa desiki panu ndi ambiri, mankhwala akusowa, aphunzitsi ndi ochepa, zimenezo ndimaziona ndekha. Koma zambiri mwa zimene ndapemphazi ndi mzere umodzi pa fomu, mafunso angapo kusikelo, mutu umodzi mu silabasi. Sindikupempha sikani ya MRI kwa mwana aliyense, ngakhale kwa ena imathandiza. Mayi wa fiziyo uja anagwiritsa ntchito nsalu yakuda ndi kapu yofiira basi.

Kwa makolo anzanga amene mukuwerenga, ngati mwana wanu anadwalapo matenda ndatchulawa ndipo mukuona zofanana ndi zimenezi, pitani naye kuchipatala ayezedwe maso kaye chifukwa vuto litha kukhala la diso lenileni kapena onse awiri, mukawauze mbiri yonse ndipo mutchule dzinali, CVI. Lembani pa pepala zimene mumaona kunyumba musanapite, chifukwa ukafika pamaso pa dokotala zambiri zimaiwalika.

Pano tikukumana amayi asanu mwezi uliwonse pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, onse ana athu anadutsa mu wodi ya ana ali chikomokere kapena anabadwa osalira. Mwa ana asanuwo amene ali ndi pepala lonena vuto lake palibe olo mmodzi. Wanga pano amatha kulemba dzina lake ndi choko chachikasu pa sileti yakuda, amawerenga mawu afupiafupi ndikamulembera limodzilimodzi madzulo tikaweruka ku msika. Teremu ikubwerayi asintha kalasi ndipo mphunzitsi adzakhala wina, nde ndidzayambiranso kufotokoza kuyambira pachiyambi, ndilibe kalata iliyonse m'manja. Ngati pali ofesi imene ingatilandire ife amayi asanu tidzafotokoze pamaso, tiuzeni tsiku, thiransipoti tisonkherana tokha ndipo anawo tibwera nawo.

Ine wanu mwaulemu,
Mayi wa mwana wa zaka 8, kummwera